Denga Limene Atate Analonjeza

Chaka chimene atate anachotsedwa ntchito n'chomwenso ine ndi koleji tinasiyana. Sitinakangane. Kolejiyo inkangotsekedwatsekedwa, ulendo uno chifukwa cha chakudya, ulendo winawo chifukwa aphunzitsi anyanyala, ndipo tsiku lina ataitsegula sanandipezemo. Ndinabwerera kwathu ku Kalingalinga ndi mabuku awiri komanso Chingerezi chokwanira kuwerengera anansi zolembedwa pabotolo la mankhwala. Pakhomo anandipatsa udindo woyenera munthu wophunzira, womwe ndi kuima pamzere. Kukamveka kuti kusitolo kwabwera sopo, shuga kapena saladi, mafuta ophikira aja, banja linkatuma ine. Ndinkaima mwaulemu ndiponso mosatopa. Nthawi zina ndinkafika kutsogolo n'kupeza kuti mzerewo unali wa makandulo, ndipo ndinkagula makandulowo, poti munthu sungataye mzere umene waupsera ndi dzuwa.

Atate anabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete ali mnyamata. Ntchito yawo yoyamba inali ya udakaboyi, kusakaniza simenti ndi kuinyamula, ndipo anaigwira panyumba ina yaitali kwambiri ya m'tauni, imene tinkaiona ili chilili kumadzulo tikamapita kumsika. Nthawi imeneyo dziko linali ndi ndalama za kopa ndipo linkamanga cholozera kumwamba. Atate ankati masana ankadyera padenga penipeni, miyendo ili lende, akuona mbalame kumsana. Atapita kumudzi kukafunsira amayi, china mwa zimene anawakopa nazo chinali chimenechi: "Ndidzakukwezani pamwamba paja, muone Lusaka yense atayalidwa ngati mphasa."

Amayi anabwera. Nyumbayo inatha, anaikamo maofesi ndi anthu a mataye, ndipo atate sanalowemonso. Lonjezo lija linakhala nafe m'nyumba ngati mbale za alendo: tonse tinkadziwa pamene lili, koma palibe ankaligwira. Amayi sankakumbutsa. Ankangoti tikamayenda, nyumbayo ikatulukira pakati pa madenga, n'kunena kwa aliyense amene ali pafupi kuti, "Ija ndi nyumba ya atate ake ana. Ine ndinangoimva."

Tsono kampani imene atate ankagwirako umisiri inatseka. Ganyu anasowa, unga wa chimanga unkakwera mtengo munthu uli pamzere womwewo, ndipo atate anaganiza zobwerera ku Katete kumene kunali munda wa makolo awo. Lole ya m'bale wathu wina inali yoti idzawanyamule ndi amayi chikangotha Chaka Chatsopano. Ine ndi mlongo wanga tinali otsala m'tauni. Amayi anali atayamba kale kulongedza miphika m'masaka. Palibe ananena, koma tonse tinkadziwa kuti munthu wa msinkhu wa atate, wa chifuwa chodzaza fumbi la simenti, akapita kumudzi zaka zimenezo sankabweranso kudzakwera nyumba.

Khrisimasi itayandikira, atate anatiitana tonse. Anavala jekete ngakhale kunali kotentha, chizindikiro chakuti nkhani yake si yokambirana.

"Chaka chino," anatero, "mpunga wa Khrisimasi tikadyera pamwamba."

Mlongo wanga ankagulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika, ndipo pakamwa pake panalinso pa msika. Chichewa cha makolo sanachitenge, ankalankhula cha m'tauni. "Pamwamba pa chani, ba tate? Pa mtenje? Malata yathu yanaola, tizagwela pa bedi."

"Pamwamba pa nyumba yanga ya m'tauni."

Amayi sanadzutse mutu pa nyemba zimene ankasankha. "Chifuwa chanucho mwachiuza za ulendowu?"

"Muli lifiti. Munthu umangoima, nyumba n'kumatsika yokha."

"Nanga akatilowetsa ndani?"

"Mbuya wanga."

Mbuya ameneyu anali Mbemba wa ku Chawama amene ankanyamula daka limodzi ndi atate. Nyumba itatha iye anatsala pomwepo ngati mlonda, ndipo anakalambira pageti. Kwa amene sadziwa, ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya, chibale cha chipongwe. Mbemba akhoza kukunyoza pamaliro a m'bale wako, kukuthira unga kumutu, iwe n'kumuthokoza kuti wabwera. Koma ukam'pempha chinthu, kukana kumam'vuta, chifukwa akudziwa kuti ukamulengeza paukwati uliwonse mpaka imfa.

Atate ananditenga pokakambirana naye, ati pakhale mboni yodziwa Chingerezi. Tinam'peza atakhala pampando wa miyendo yomangidwa ndi waya.

"Iwe wakudya mbeba," anatero asanaimirire n'komwe, "ukali moyo?"

"Ndikudikira ndikuike kaye iwe, wodya anyani."

"Uyu ndiye mwana wako wa ku koleji? Ba profesa, mwapasa?"

Ndinayankha kuti ndinaona kuti n'kwabwino kusiyirako anzanga mpata.

"Wafanana na tate wake," anatero. "Mutu ukulu, mukati mphepo."

Atate anafotokoza chimene tinabwerera. Mbuya anamvetsera akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi. "Pa Khrisimasi kulibe munthu muno," anatero, "ni ine chabe na makoswe. Bwelani. Koma mubwele na nkhuku, osati mbeba. Na bakazi banga ubauze bavale bwino." Akazi akewo ankanena amayi anga. Pa chimbuya zimenezo n'zololedwa.

Za lifiti palibe anafunsa, ndipo iye sananene. Ine amene ndinaphunzitsidwa kufunsa mafunso ndinali wotanganidwa kuyang'ana atsikana a m'maofesi akutuluka pakhomo, thukuta lili kamukamu, nsapato zili m'manja. Ndinaganiza kuti ndi fashoni.

Kukomboni aliyense anali ndi pulani yake ya tsikulo. Ena ankati atenga ana kukaona nyama zosungidwa kum'mwera kwa mzinda. Ena ankapita kukajambulitsa kusitudiyo, atagwira foni yopanda waya, kuti kumudzi akaone kuti m'tauni zikuyenda. Amuna ambiri pulani yawo inali kumabala a ku Matero, ndipo mabanja awo ankaidziwa. Ife tikafunsidwa tinkangoti tikadyera m'tauni, osawonjezera. Mlongo wanga anatsegula belo la salaula n'kutisankhira tonse asanaonetse makasitomala: atate taye yofiira, amayi nsapato za gogoda zoyamba m'moyo wawo, ine malaya abwino ndithu okhala ndi dzina la mzungu wina losokedwa pathumba. Ine ndinaima pamzere umene, mwa chisomo, unakhaladi wa mpunga. Nkhuku inali yathu yomwe, imene inkagona kukhitchini kuopa akuba ndipo inkadziona ngati mmodzi wa ana.

Tsikulo kunagwa mvula m'mawa, n'kukata tili m'tchalitchi. Titatuluka, amayi anamanga poto wa mpunga ndi mbale ya nkhuku m'chitenje, n'kundisenzetsa. Mlongo wanga ananyamula chigubu cha thobwa. Nsapato zatsopano amayi anazinyamula m'manja mpaka pamsewu wa tala chifukwa cha matope, n'kuzivala titakwera minibasi. M'tauni munali zii. M'mawindo a masitolo anali atayala thonje kuti lioneke ngati chisanu cha kunja, ndipo pathonjepo anasanjapo zitini za mtundu umodzi, zotalikirana bwino kuti zidzaze malo.

Mbuya anatilandira atavala yunifomu ndi chipewa cha pepala. Anagwadira amayi mokokomeza, n'kuwauza kuti akadali ndi nthawi yosiya nkhalamba yawo asanapite nayo kutchire. Amayi anaseka chobisa pakamwa ndi dzanja. Anam'patsa mphatso ya Khrisimasi, makandulo, poti kunyumba analipo ambiri kuposa chakudya.

M'kati munali mozizira, pansi pali matailosi osalala. Atate anayenda molunjika kuzitseko za lifiti ngati munthu wobwera tsiku ndi tsiku. Anakonza taye, n'kudina batani. Tinaima pambuyo pawo mwadongosolo. Anadinanso. Mbuya anatisiya tidikire mokwanira, kenaka anati, "Iyo inafa kudala."

"Inafa bwanji?"

"Monga mwamene vinthu vikufela. Visulo vake vichoka kunja, manje dziko ilibe ndalama yakunja."

"Nanga mabwana amakwera bwanji?"

"Mabwana banasamukila pansi. Pamwamba banaikako ma kalaliki."

"Bwanji sunandiuze, nyani iwe?"

"Sunafunse. Unakamba ati ufuna kukwela. Kwela."

Amayi anayang'ana uku ndi uku, makoma a miyala yonyezimira, denga lalitali la pakhomo. "Atate ake," anatero mofatsa, "tiyeni tiyale pompano. Ndi pabwino, ndi paukhondo. Nyumba yanu ndaiona, munamanga bwino."

Atate anavula jekete, n'kulipinda mosamala, n'kuliika pamwamba pa mtolo umene unali pamutu panga.

"Sindinakulonjezeni matailosi," anatero. "Masitepe ali kuti?"

Masitepe anali pakati penipeni pa nyumbayo, opanda windo ngakhale limodzi, ndipo mababu anali atapita kumene mababu ankapita masiku amenewo. Mbuya anatibwereka makandulo ake omwe tinali titangom'patsa, n'kunena kuti tidziwe kuti ndi ake. Iye sakanachoka pageti. Anatitsimikizira kuti chitseko cha padenga chimakhala chosakhoma, ngakhale anavomera kuti anafikako komaliza lifiti idakali moyo. Anatenga ntchafu imodzi ya nkhuku ngati chikole, kuti tikafera m'mwamba asakhale wotaya zonse.

Tinayamba. Patsogolo mlongo wanga ndi kandulo, kenaka atate, kenaka amayi, ine pambuyo ndi chakudya cha banja pamutu. Poyamba atate ankalankhula. Ankamenya khoma ndi chikhatho n'kumati, "Apa ndinathira ine. Mukumva kulimba kwake?" Anatiuza za kapitawo wina amene ankaopa kuyang'ana pansi, ndi za tsiku limene wilibala inagwa kuchokera m'mwamba n'kusanduka mbale. Amayi nsapato zawo zinkalira ko, ko, ko, mokoma, ndipo ndinaganiza kuti mwina ulendowu ukhala wosavuta.

Nkhani zinayamba kufupika. Kenaka zinatha. Chimene chinatsala ndi mpweya wa atate, umene unkamveka ngati sowo ya akalipentala a kwathu ikamadula thabwa laliwisi. Pokhotera paliponse panali chitseko cholowera kumaofesi, ndipo chilichonse chinali chokhoma chifukwa cha holide. Munkanunkha fumbi ndi mkodzo wakale. Amayi anavula nsapato n'kuzipachika pa mtolo wanga, umene tsopano unali ndi mpunga, nkhuku, jekete ndi gogoda. Phula la kandulo linkadonthera mlongo wanga padzanja ndipo iye ankalitukwana chapansipansi, poganizira tsiku lake.

Tinayamba kupuma pokhotera paliponse. Atate ankagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja awiri, kudzikoka, kuima, kudzikokanso. Amayi ankayenda dzanja lili m'mwamba kumbuyo kwa msana wa atate, osawagwira, kungoliika pafupi.

Penapake, sindikudziwa kuti tinali titafika pati chifukwa manambala a pakhoma anali atafufutika, atate anakhala pansi n'kuyamba kutsokomola. Chinali chifuwa chija chimene chinkatidzutsa kunyumba, koma m'masitepemo chinkabwerera kuchokera pansi ndi pamwamba ngati akutsokomola anthu ambiri. Mlongo wanga anawapatsa thobwa. Anamwa pang'ono, n'kutsamira khoma, maso ali otseka. Taye yofiira ija inali itada ndi thukuta.

Amayi anakhala pasitepe ya m'munsi mwawo. "Atate ake, tamverani. Ine kumudzi ndikanena kuti ndinakwera mpaka pamwamba. Adzatsutse ndani?"

"Ine."

"Inu simudzanena kanthu."

"Ndidzakhala ndikudziwa."

"Nanga mukafera muno tikutsitsani bwanji? Mwamva nokha kuti lifiti kulibe."

"Mwana wanu wophunzirayu aganiza njira."

Ndinawatsimikizira kuti nkhaniyo ndiiganizira mozama ikafika.

Amayi sanaseke. "Ndi ine ndinakukakamizani? Ndinakufunsani liti za denga limeneli?"

"Simunafunse," anatero atate. Anapuma kaye. "Mukanafunsa ndikanakwiya, nkhani n'kutha. Koma simunafunse."

Anagwira chitsulo n'kuimirira. Miyendo inkanjenjemera moti ngakhale kandulo inaona. Apo amayi anachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo chibadwire: analowetsa mkono wawo m'khwapa mwa atate. Makolo anga sankagwirana pamaso pa ana. Popita kutchalitchi atate ankakhala patsogolo, amayi pambuyo, pakati pawo pokwana ngolo. Mlongo wanga anatembenuka, anaona, n'kubweza nkhope kutsogolo msanga ngati waona anthu akusamba.

Tinapitiriza choncho. Sitepe, kupuma, sitepe. Amayi ankati, "Kwezani. Linanso. Kwezani," ndi mawu omwe ankalankhulira ndi ife tikamamwa mankhwala owawa. Pokhotera pena mlongo wanga anandidikira n'kundinong'oneza, "Ba profesa, ngati bagwa, mutaye poto."

Ndinamuuza kuti ndaganizapo kale, ndipo poto ndidzamutsitsa mwaulemu kenaka n'kugwira atate.

"Nikamba zoona, iwe."

"Ndikudziwa," ndinatero. Khosi langa linali litauma ngati mtengo chifukwa cha mtolo, koma kuyambira pamenepo ndinayenda sitepe imodzi yokha kumbuyo kwawo, dzanja limodzi lili lomasuka.

Kandulo yoyamba inatha, tinayatsa ina. Sindidziwa kuti tinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndikukumbuka kuti njala inabwera, inakhala nafe, n'kuchoka yokha. Kenaka lawi la kandulo linayamba kugwedezeka, ndipo kumaso kwathu kunafika kamphepo. M'mwamba munayamba kuyera.

"Tafika," anatero atate, ndipo masitepe omalizawo anakwera okha, atachotsa mkono wa amayi.

Pamapeto panali kabwalo kakang'ono ka simenti ndi chitseko chachitsulo. Pachitsekopo panali loko wamkulu wadzimbiri. Zimenezo zokha sizikanatiopsa, mlongo wanga anali atayamba kale kunena kuti atsika akam'kokere mbuya ndi makiyi ake onse. Koma pamwamba pa lokoyo panadutsa chitsulo chopingasa, chowotcherera mbali zonse ziwiri. Mwana aliyense wa ku Kalingalinga amadziwa chowotcherera akachiona, tinakulira m'malawi ake. Palibe kiyi amene akanatsegula pamenepo.

Atate anakankha chitsekocho ndi dzanja. Anakankhanso ndi phewa. Anagwira chitsulo chija, n'kuyendetsa chala pamene anawotcherera, ngati akufuna kupeza cholakwika pa ntchito ya mnzawo. Inali ntchito yabwino. Anabwerera m'mbuyo n'kukhala pasitepe yomaliza, manja ali pamaondo. Sanatukwane mbuya, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa.

Ndinatsitsa mtolo. Kunja kwa chitseko nkhunda zinkalira, pafupi kwambiri.

Kuwala kumene tinkaonera kunkalowera pa kawindo kopingasa pamwamba pa chitseko, kotalika ngati mkono, kamene galasi lake linasweka kalekale. Amayi anaimirira pakati pa kabwaloko, osavala nsapato, akukayang'ana. Amayi anga ndi aafupi. Anayang'ana kawindoko, anayang'ana poto, anaona kuti poto sangathe. Kenaka anayang'ana ine.

"Iwe, gwada apa."

"Amayi?"

"Gwada. Manja pansi. Wakhala ukuima chaka chonse, lero ugwadeko."

Ndinagwada pansi pa chitseko, manja ndi maondo pasimenti. Ndiyenera kunena kuti pa maudindo onse amene ndapatsidwa m'moyo, uwu ndi umene ndinauyenerera popanda wotsutsa. Amayi anamasula chitenje cha mtolo, anachipinda, n'kuchiyala pamsana panga kuti asadetse malaya a mzungu.

Atate anadzutsa mutu. "Amake ana, mugwa."

"Ndiye bwerani mundigwire."

Anabwera. Mlongo wanga anagwira dzanja limodzi, atate linalo, ndipo amayi anaponda. Phazi loyamba linafika pa impso, lachiwiri pakati pa mapewa. Munthu amene anandibereka kumbuyo zaka zingapo anali ndi ufulu wonse, ndipo anaugwiritsa ntchito. Anagwira m'mphepete mwa kawindoko, n'kunyanyamphira. Atate anawagwira m'miyendo. Ine ndinkaona simenti ndi nsapato za atate basi, choncho zonse zimene zinatsatira ndinazimva ndi makutu ndi msana.

Ndinamva amayi akukhazikika pamsana panga.

"Mukuona chiyani?" anafunsa atate.

"Thanki ya madzi. Ndi zitosi za nkhunda."

"Kupitirira apo. Kwezani maso, kuseri kwa kampanda."

Zidendene zinachoka pamsana panga, kulemera konse kunapita kuzala. Ndinamva amayi akukoka mpweya.

"Mayo," anatero chapansipansi.

"Nenani."

"Njanji. Sitima yaima, yaing'ono ngati ya ana ya mawaya. Kuli machumuni, koma utsi ukutuluka pa imodzi yokha. Kenaka madenga. Madenga, madenga, onse ndi miyala pamwamba. Madzi ali mbee pakati pa nyumba."

"Ndi Kanyama ameneyo," anatero atate. Mawu awo anali atabwerera. "Kukagwa mvula amakhala choncho. Tsono yang'anani chakumanzere. Pali msewu wautali wowongoka."

"Ndauona. Pali basi imodzi."

"Wa ku Kafue umenewo. Chawama ali chapomwepo, kwa nyani uja. Tsono mukabwerera ku Kanyama, kumene nyumba zathera, muona tchire. Tinkaona azimayi akutola nkhuni."

"Kulibe tchire."

"Liliko. Kuseri kwa nyumba zomaliza."

"Kulibe nyumba zomaliza. Ndi nyumba zokhazokha mpaka kumene mitambo yagwera."

"Simukuyang'ana bwino. Pali mitengo ikuluikulu, ndi dambo."

"Atate ake, akuona ndani pano, inu kapena ine?"

Ndinamva atate akuseka, kuseka kwa m'mphuno kopanda mawu, manja ali gwa pamiyendo ya amayi. "Ndiye anamanga ndithu," anatero.

"Anamanga. Anthu onsewa amadya chiyani?"

Funso limenelo palibe analiyankha, ngakhale boma linali lisanaliyankhe. Ine ndinapereka lipoti lachidule lakuti msana wa banja wayamba kumva kutentha. Amayi anandiuza kuti ndikhale chete, ndisagwedere, akuona. Anafunsa ngati kwathu kukuoneka. Atate anati ayi, Kalingalinga ali kum'mawa, kumbuyo kwa khoma limene tatsamirali.

"Zilibe kanthu," anatero amayi. "Kumeneko ndikukudziwa ndi mapazi."

Anakhalabe pamenepo. Ankatchula zinthu chimodzichimodzi, osati kwa ife kwenikweni: tchalitchi cha denga lobiriwira, bwalo la mpira lodzaza anthu, mvula ikugwa mbali imodzi ya mzinda kwina kuli dzuwa. Anati sankadziwa kuti mvula imakhala ndi m'mphepete. Manja anga anachita dzanzi, kenaka anasiya kukhala anga. Mlongo wanga anagwada pambali panga n'kulowetsa bondo lake pansi pa mimba yanga ngati mwala wochirikiza galimoto, osanena kanthu, zimene kwa iye zinali zachilendo.

Pomaliza amayi anati, "Nditsitseni."

Atatsika anakonza duku, n'kupukuta manja amene anali akuda ndi dzimbiri. Maso awo anali onyowa, ndipo anati ndi mphepo ya pawindo. "Kwerani nanu," anauza atate, "mukaone tchire lanulo."

Ine ndinali ndidakagwada, wokonzeka kutumikira. Atate anayang'ana kawindoko nthawi yaitali. Kenaka anandigwira paphewa kuti ndidzuke.

"Ine ndinaona kale," anatero. "Mwaona, amake ana?"

"Ndaona."

"Ndiye pakulani mpunga."

Tinadyera pamasitepe pomwepo, mbale zili pamaondo. Mpunga unali utazizira n'kugwirana, nkhuku inali ya mwendo umodzi. Mlongo wanga nayenso anafuna kuona, ndipo ndinagwadanso, koma iye anangosuzumira n'kunena kuti waona pamene pali makasitomala ambiri osavala bwino. Ine sindinaone, chifukwa panalibe wondigwadira, ndipo sindinadandaule. Ndinali nditamva zokwanira.

Kutsika kunali kovuta kuposa mmene tinkaganizira. Maondo a atate anakana, ndipo mbali yaikulu anatsika chokhala, sitepe ndi sitepe, thalauzi la tchalitchi likusesa fumbi la maofesi onse. Amayi anali patsogolo ndi kandulo, akuwauza poika phazi. Titatulukira pansi dzuwa linali litapendeka, ndipo mbuya anali ataimirira pakhomo pa masitepe, chipewa cha pepala chili m'manja. Nkhope yake inamasuka atawerenga mitu yathu, koma anaikonza msanga.

"Nenze nayamba kukonza vokamba pa malilo yako," anauza atate. "Vabwino maningi. Wanionongela."

Atate anangomuloza ndi chala, n'kudzigwetsa pampando wake wa waya uja.

"Chitseko chanu n'chowotcherera," ndinam'dziwitsa.

"Ah. Ni zoona? Kansi simunaone kanthu?" Apa chipongwe chinam'thera, anayang'ana atate, kenaka amayi. "Ba mayo, simunaone?"

Amayi anga sankachita nawo za chimbuya. Zaka zonsezo ankangoseka chobisa n'kusiyira amuna. Tsiku limenelo anam'yang'ana mbuya kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Ndaona zonse," anatero. "Ndi Chawama yemwe. Nyumba yanu ndaiona, ndi ija yopendekeka. Pakhomo panali mwamuna wina akudya nkhuku yanu ya Khrisimasi, atavala malaya anu."

Mlongo wanga anakhala pansi ndi kuseka. Tinatembenuka kuti tione ngati atate amva, koma anali atagona pampandopo, mutu uli pakhoma, pakamwa pali pululu, chifuwa chikukwera ndi kutsika bwinobwino. Ndinati ndiwadzutse kuti tikapeze minibasi kusanade.

"Asiye," anatero amayi. Anatenga jekete lija n'kuwafunditsa, kenaka anakhala pansi pambali pa mpando, natambasula miyendo. "Tidikira."